Za Kutsekula Zitseko Mliri Usanathe

Mafumu athu olemekezeka, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, amayi ndi abambo nonse amene mwasiya makasu ndi malonda anu kuti mudzakhale pano lero, ndipempha kuti mutchere khutu pamene ndikamba za funso limene lidasowetsa tulo maboma onse a pansi pano kuyambira chaka cha 2020 kufikira cha 2022, ndipo lidzawasowetsanso tulo tsiku lina, pakuti mliri sunena odi pofika, ndiponso sutsanzika pochoka. Funsolo nali: dziko likatseka masukulu, misika, nyumba zopemphereramo ndi zipata za m'malire mwake pothawa nthenda, kodi lidzazindikira ndi chiyani kuti nthawi yotsekulanso yakwana, nthendayo ikali kuyendayenda pakati pa anthu? Kutseka n'kwapafupi, popeza kumangofuna mantha ndi chidindo cha boma. Koma kutsekula kumafuna nzeru, ndipo nzeruyo yagona pa zinthu ziwiri zimene ambiri adaziyesa zopikisana, chikhalirecho zimagwira ntchito molandizana: katemera, ndi kansalu kophimba pakamwa ndi pamphuno kamene tidakazolowera ndi dzina lakuti masiki.

Ndiyambe ndi kwathu kuno, chifukwa ife a ku Malawi funsoli lidatipeza mosiyana ndi anzathu a ku Ulaya. Pa 20 Malichi 2020, munthu ngakhale mmodzi asanapezeke ndi COVID-19 m'dziko muno, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo patapita masiku atatu masukulu onse adatsekedwa. Odwala atatu oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Ndipo boma litalamula m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu adatuluka m'misika nanena poyera kuti kuli bwino kufa ndi nthenda kusiyana ndi kufa ndi njala m'nyumba, kufikira bwalo lalikulu la milandu lidapereka chiletso kutatsala tsiku limodzi. Ine ndiona kuti bwalolo lidaweruza molungama, pakuti wa kabaza, mayi wogulitsa zitumbuwa ndi mnyamata woitanira minibasi amadya madzulo chimene apeza masana, ndipo kuwatsekera m'nyumba popanda kuwapatsa ufa sikuwapulumutsa ai, koma kungowasankhira imfa ina. Masukulu ndiwo adakhaladi otseka kufikira Seputembala ndi Okutobala, ndipo kuwawa kwake tidakumva pamene kafukufuku wa boma adawerenga atsikana oposa 40,000 otenga pakati, ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000, m'miyezi yowerengeka yomweyo. Chotero ife tidali mtundu wosatha kutseka. Ndipo mtundu wosatha kutseka ndiwo usowa katemera ndi masiki koposa mitundu yolemera imene ingathe kudyetsa anthu ake ali chikhalire m'nyumba.

Tsono kuti timvetse m'mene ziwirizi zithandizirana, tiyenera kupirira masamu pang'ono, ndipo ndikulonjeza kuti sadzapitirira a Sitandade 5. Mliri umakula kapena kuchepa malinga ndi chiwerengero chimodzi, ndicho cha anthu amene wodwala mmodzi amawapatsira asanachire kapena kumwalira. Akapatsira atatu, atatuwo napatsira 9, amenewonso napatsira 27, ndiye kuti zinthu zaipa. Akapatsira mmodzi yekha, nthenda iima pamene ili. Koma odwala khumi akapatsira asanu ndi atatu okha, mliri wayamba kufota, zingakhale zipatala zili zodzaza tsiku limenelo. Kachirombo koyamba ka ku Wuhan kadali ndi mphamvu yopatsira anthu ngati atatu. Tiyerekeze tsono, mwa chitsanzo chabe, kuti theka la anthu a m'mudzi ali ndi chitetezo chotchinga nthenda: atatu aja asanduka mmodzi ndi theka, ndipo mliri ukukulabe, ngakhale mwapang'onopang'ono. Tiyerekezenso kuti anthu a m'mudzimo, povala masiki, potsekula mazenera ndi pochitira misonkhano yawo pansi pa mtengo, achotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a kupatsirana kotsalako: mmodzi ndi theka uja asanduka mmodzi, ndipo mliri waima, msika uli chitsekulire, ana ali m'kalasi. Taonani, palibe mwa ziwirizi chimene chikadakwanira pachokha, koma pophatikizana zakwanira. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo pamene kudabadwa mtundu wa Delta, umene mphamvu yake idali pafupifupi kuwirikiza kawiri, masamu omwewo adaonetsa kuti theka silikwaniranso, ndi kuti dziko lovula masiki obayitsa ali theka lokha likudziitanira maliro.

Za masiki padanenedwa zambiri zopyola muyeso, ndi oyamikira ndi onyoza omwe. Kachirombo kameneka kamayenda m'timadontho ta mpweya wotuluka m'kamwa ndi m'mphuno polankhula, poimba, potsokomola, ngakhale popuma chabe. Ndipo chosautsa chake chidali chakuti munthu amatha kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanadzimve m'thupi kuti wadwala. M'buku la Levitiko wakhate adalamulidwa kuphimba mlomo wake, koma iye khate lake lidali loonekera kwa onse. Ife tidayenera kuphimba tonse, pakuti wonyamula nthenda sadali kudziwika, ngakhale kwa mwini wake yemwe. Umboni woyesedwa bwino udachokera ku Bangladesh, kumene akatswiri adatenga midzi 600 ya anthu akuluakulu oposa 340,000, nagawa masiki ndi kuchonderera anthu m'theka la midziyo, theka linalo n'kulisiya m'mene lidaliri. M'midzi yogawiridwayo ovala adakwera kuchoka pa 13 kufika pa 42 mwa 100 alionse. Ndipo kumene adagawa masiki a kuchipatala nthenda idatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, pamene pakati pa opyola zaka 60 idatsika ndi gawo limodzi mwa atatu, ngakhale kuti a nsalu wamba phindu lawo lidali laling'ono, losaoneka bwinobwino. Wofuna kunyoza anene kuti gawo limodzi mwa khumi n'chabe. Koma akumbuke kuti ovala sadafike ngakhale theka, ndi kuti kagawo kochotsedwa pa kupatsirana kulikonse kamachulukana sabata ndi sabata. Akumbukenso za kwathu kuno mu Ogasiti 2020, boma litaika chindapusa cha K10,000 kwa wosavala, m'mene masiki ambiri adakhalira pachibwano, nakwera pamphuno pokhapokha wapolisi akaonekera, ndi m'mene kansalu kamodzi kankabwerekanidwa pakhomo la sitolo. Nsalu yovalira wapolisi siteteza agogo.

Komabe, ngakhale atavalidwa mokhulupirika, masiki sachotsa nthenda m'dziko, angoichedwetsa. Ali ngati chisakasa chimene munthu amausamo mvula pamene akuumba njerwa za nyumba yake. M'mliri wa fuluwenza wa 1918, umene udafikanso ku Nyasaland pakutha pa nkhondo ya Chiwaya nupulula makolo athu ambiri, mzinda wa San Francisco ku America udalamula anthu ake kuvala masiki mu Okutobala. Odwala atachepa, lamulolo lidachotsedwa pa 21 Novembala, anthu nataya nsaluzo m'misewu mokondwera. Koma nthenda idabwerera, ndipo mu Januwale 1919 lamulo lidabwezeretsedwa pakati pa anthu otopa ndi okwiya, amene ena a iwo adafika pokhazikitsa bungwe lotsutsa masiki. Anthu amenewo sitingawadzudzule kwambiri, popeza m'masiku awo katemera wa fuluwenza kudalibe, ndipo adalibe china choyembekezera koma kuti mliri utope wokha. Ife a m'badwo uno choyembekezera tidali nacho.

Pa 8 Disembala 2020, chisanakwane chaka chimvekere mbiri ya nthendayi, mayi wa zaka 90 dzina lake Margaret Keenan adabayidwa katemera ku Coventry m'dziko la Britain. Katemera amaonetsa thupi chifanizo cha kachirombo kuti asilikali a m'magazi akonzekeretu, ndipo ntchito zake n'ziwiri zimene tiyenera kuzisiyanitsa, pakuti pozisokoneza padabadwa kukhumudwa kwakukulu. Yoyamba ndiyo kutchinga munthu kuti asatenge nthenda konse, ndipo imeneyi katemera wa COVID-19 adaigwira bwino poyamba, koma mphamvu yake inkazilala pakapita miyezi, nizilala koposa pamene kudafika mtundu wa Omicron. Yachiwiri ndiyo kuteteza wotenga nthendayo kuti asafike pobanika ndi kufa, ndipo imeneyi adaigwira molimba ndi mokhalitsa. Onani za ku Britain komweko: mu Januwale 2021, opezeka ndi nthenda ali ngati 60,000 pa tsiku, omwalira ankapyola 1,000 pa tsiku; mu Julayi chaka chomwecho opezeka adakweranso kufika cha m'ma 50,000 pa tsiku, koma popeza akuluakulu awiri mwa atatu alionse adali atabayidwa kawiri, ndi okalamba pafupifupi onse, omwalira m'masabata otsatira adali cha m'ma 100 pa tsiku. Pa chifukwa chimenechi boma lidalimba mtima nilichotsa ziletso pafupifupi zonse za ku England pa 19 Julayi. Nthenda siidathe ai, koma idaleka kudzaza manda monga kale. Ndipo akatswiri a ku Imperial College London adawerengera pambuyo pake kuti m'chaka choyamba chokha katemera adapulumutsa miyoyo ya pakati pa 14 miliyoni ndi 20 miliyoni pa dziko lonse.

Amene adaiwala kuti ntchito yoyamba ija ndi yofooka adachita manyazi msanga. Israel, dziko limene lidatsogola pobaya anthu ake, lidachotsa lamulo la masiki pa 15 Juni 2021, nililibwezeretsa patangopita masiku khumi, Delta atalowa. Ku America nako obayidwa adauzidwa mu Meyi kuti angavule, nauzidwanso kumapeto kwa Julayi kuti avale. Kubwerera m'mbuyo koteroko si tchimo, ndipo wolamulira woopsa ndiye wokana kubweza mawu ake poopa kusekedwa. Cholakwa chidali kulonjeza anthu kuti tsiku lakutilakuti zonse zatha, ngati kuti kachirombo kamawerenga kalendala.

Koma phunziro lowawa koposa, limene ndifuna kuti tikhalepo pang'ono, lidachokera ku Hong Kong, mzinda wolemera wa anthu oposa 7 miliyoni, umene anthu ake, pokumbukira nthenda ya SARS ya 2003, adavala masiki mokhulupirika, ndipo boma lake lidalimbitsa malire ndi kubindikiritsa alendo masabata awiri kapena atatu m'mahotela. Kwa zaka ziwiri njira imeneyi idaoneka yopambana, popeza pofika kumapeto kwa 2021 omwalira onse adangopitirira 200 pang'ono. Koma mtendere womwewo udawagonetsa tulo: okalamba, poona kuti nthenda kulibe, ndi pomva mphekesera zakuti katemera amavulaza okhala ndi matenda a mgonagona, adazengereza, ana awo nawalekerera, kotero kuti mwa opyola zaka 80 mmodzi yekha mwa asanu ndiye adali atabayidwa. Omicron atabowola mpandawo kumayambiriro kwa 2022, zipatala zidasefukira mpaka odwala kugonekedwa panja pozizira, nyumba zachisoni zidadzaza, ndipo m'miyezi itatu kapena inayi adamwalira anthu oposa 9,000, pafupifupi onse opyola zaka 60, ochuluka mwa iwo osabayidwa. Dziko la New Zealand nalo lidatseka malire ake zaka ziwiri, nalo lidalowedwa ndi Omicron m'miyezi yomweyo. Koma ilo mpata umene kutsekako kudapereka lidaugwiritsa ntchito kubaya anthu 9 mwa 10 alionse a zaka 12 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi okalamba pafupifupi onse, ndipo imfa zake, poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake, zidali zochepa kutalitali. Apa mpamene pagona nkhani. Masiki ndi m'bindikiro zimangopereka mpata, ndipo mpatawo ukapita pachabe, maliro amene adachedwetsedwa amadza onse pamodzi. Komanso wofuna kutsekula asafunse kokha kuti abayidwa ndi angati, afunse kuti abayidwawo ndani, pakuti wa zaka 80 akatenga COVID-19 ngozi yake ya imfa imaposa ya wa zaka 20 osati kakhumi ai, koma mazanamazana, ndipo dziko lingathe kudzitama ndi chiwerengero chachikulu cha achinyamata obayidwa pamene agogo ali pambalambanda.

Nanga ife tidachita bwanji? Januwale wa 2021 sadzaiwalika, pamene nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidatisiya tsiku limodzi pa 12, mpweya wa okosijeni nusowa m'zipatala, bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba n'kusandutsidwa malo ogonekamo odwala, masukulu natsekedwanso. Pa 5 Malichi kudatera ndege ndi katemera 360,000 wa AstraZeneca wochokera ku thumba la COVAX, ndipo pa 11 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adabayitsa poyera ku Zomba. Koma pofika pamenepo mliri udali utatsika, mantha atazilala, ndipo mphekesera zidali zitatsogola kale m'midzi kudzera pa WhatsApp: kuti wobayitsa sadzabereka, kuti adzafa zisanathe zaka ziwiri, kuti jekeseniyo ndi chizindikiro cha chirombo cha m'Chivumbulutso. Zaka ziwirizo zidapita kalekale, ndipo obayitsa ali pakati pathu, ena ndi makanda kumbuyo. Pa 19 Meyi boma lidatentha katemera 19,610 wotha mphamvu pa chipatala chachikulu cha Kamuzu. Kunena zoona, katemerayo adafika m'dziko muno kutatsala masabata osakwana atatu kuti athe ntchito, ndipo kumtentha poyera kudali kutsimikizira anthu kuti sadzabayidwa zakutha. Komabe utsi umenewo udali wa chisoni. Kenaka zinthu zidatembenuka. Dziko la India, kumene katemera wa COVAX ankapangidwa, lidaleka kutumiza kunja litagwa m'tsoka lakelake. Mu Juni katemera wathu adatheratu. Ndipo Delta atakula mu Julayi, omwe aja ankathawa jekeseni adathamangira kuzipatala nabwerako chimanjamanja. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Sindinena kuti mlandu wonse ndi wathu, pakuti m'miyezi yomweyo maiko olemera adali atadziunjikira katemera woposa chiwerengero cha anthu awo, nayamba kubaya kachitatu anamwino ena a mu Africa asanabayidwe kamodzi komwe. Koma pakutha pa 2021, pamene bungwe la zaumoyo la dziko lonse lidafuna kuti dziko lililonse lifike pa anthu 40 mwa 100 obayidwa mokwanira, ife tidali tisanakwane 5.

Ngati tidadutsa osaona maliro onga a ku Hong Kong, chifukwa chake tisachibise. Ndife mtundu wa ana, popeza opyola zaka 65 sakwana 5 mwa 100 alionse, ndipo ambiri a ife timaswera panja, kumunda ndi pakhonde, kumene mphepo imamwaza kachirombo. Kuonjezera apo, akatswiri a ku Blantyre atayeza magazi amene anthu adapereka ku nkhokwe ya magazi, adapeza kuti pofika Meyi 2021 pafupifupi awiri mwa atatu alionse adali atakumana kale ndi kachiromboka, ambiri osadziwa n'komwe. Chitetezo chathu tsono tidachipeza mwa kudwala, njira imene idatilanda aphunzitsi, abusa, amalonda ndi agogo oposa 2,600 olembedwa m'mabuku a boma, osawerengera amene adamwalira kumudzi osayezedwa, nanenedwa kuti chidali chifuwa kapena malungo. Mliri wotsatira sudzakakamizidwa kusankha okalamba. Wa 1918 uja udakonda anyamata ndi atsikana a msinkhu wobereka, ndipo woterowo ukadzabwera, unyamata wathu sudzakhala linga.

Chotero ine ndikadaitanidwa kukalangiza mfumu kapena nduna, sindikadayamba ndi kutchula tsiku. Ndikadafunsa ngati okalamba, odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi onse ogwira ntchito m'zipatala abayidwa; ndikadafunsa kuti pa mabedi okhala ndi okosijeni ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu, ku Zomba ndi ku Mzuzu atsala angati opanda munthu; ndipo mayankho akakhala abwino ndikadatsekula mwapang'onopang'ono, kuyambira masukulu, amene ayenera kukhala otsiriza kutsekedwa ndi oyamba kutsekulidwa, ndi zonse zochitikira panja, n'kudikira masabata awiri kapena atatu ndisanatsekule china, pakuti nthenda yotengedwa lero imafika kuchipatala mochedwa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiki ndikadawachotsa potsiriza, ndiponso osati paliponse nthawi imodzi: pamsika wa panja angathe kuchoka msanga, koma m'minibasi yotseka mazenera, m'chipatala, m'tchalitchi modzaza oimba, ndi m'nyumba ya siwa m'mene amayi amachezera usiku wonse akuimba mothithikana ndi nkhalamba, m'menemo ndimo ayenera kukhalitsa. Ndikadauzanso anthu kuyambira pachiyambi kuti lamulo lochotsedwa lingathe kubwerera, kuti likabwerera asayese kuti anamizidwa. Pa chindapusa sindikadaikapo mtima kwenikweni. Ku Bangladesh kuja chimene chidachulukitsa ovala sichidali chilango, koma kugawa kwaulere, kukumbutsana mwaulemu m'misika ndi m'mizikiti, ndi kuona atsogoleri atavala.

Chotsala n'chimodzi, ndipo chikukhudza inu mafumu ndi inu alangizi a zaumoyo koposa nduna za ku Lilongwe. Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa katemera wa ana: mayi aliyense adziwa tsiku la sikelo, mwana aliyense ali ndi buku lake la kuchipatala, ndipo mlangizi wa zaumoyo angathe kutchula makanda a m'dera lake nyumba ndi nyumba, n'chifukwa chake poliyo atapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, ana mamiliyoni adadonthezeredwa katemera pasanapite nthawi. Koma dongosolo lonseli lidakonzedwera ana ndi amayi oyembekezera. Nkhalamba ilibe tsiku la sikelo, ndipo katemera wa COVID-19 atafika tidayembekezera kuti gogo wa ndodo ayende mtunda wautali kukaima pamzere, pamene iyeyo ndiye tidayenera kumfikira pakhomo. Obayitsa adayamba kuchuluka pamene magalimoto a zimkuzamawu adatengera katemera kumisika, kumatchalitchi ndi kumidzi, ndi pamene kudafika wa Johnson & Johnson wobaya kamodzi, wosafuna ulendo wachiwiri. Inu a Nyakwawa ndi a Gulupu mumadziwa kale okalamba a m'midzi mwanu, popeza mumathandiza kuwalemba pa za Mtukula Pakhomo ndi pa za fetereza. Pempho langa ndi lakuti mndandanda umenewo ukhalenso m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo, pamodzi ndi matenda amene aliyense ali nawo, n'kumaukonza chaka ndi chaka, kuti katemera akadzafika, ngakhale atatsala ndi masabata atatu okha, tidzadziwe makomo oyambira.